Chingwe chomwe chinatsitsa Kingi

Amalume anga aang'ono, a Yohane, anafera pamzati wa chigafa cha fodya, manja atamangidwa ndi chingwe. Tinawaika Lachinayi kwathu, kufupi ndi Mtunthama.

Ndinadzuka kusanache. Nyimbo za usiku zinali zitatha, amayi a mvano atagona chokhala, atatsamira khoma. Moto wa amuna unali utasanduka phulusa, ndipo amene anali maso ankakangana za makuponi a feteleza, kuti walandira ndani, wamanidwa ndani. Za malemu sindinamve wina akutchula.

Dera lonse linkawaitana kuti Kingi. Dzinali linachokera ku kanema amene anaonetsedwa m'chinyumba cha vidiyo pamsika, wa mfumu ina ya ku Mangalande imene inadwala misala. Madokotala ake ankaimangirira pampando ndi malamba n'kuitseka pakamwa. Womasulira m'Chichewa ankathiramo nthabwala zake, anthu n'kumagwa ndi chiseko. Jenereta inatha mafuta kanemayo asanathe, choncho palibe anaona mfumuyo itapezako bwino. Amalume aakulu, eni mbumba yathu, analipo tsiku limenelo. Misala ya mng'ono wawo itakula, mayi anga anapempha kuti apite nawo kuchipatala. Iwo anayankha kuti ngakhale azungu anamanga mfumu yawo.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika, ena pa njinga, ena pa ngolo, matenanti a pa esiteti yoyandikana nafe ali m'majombo. Kunatentha kwambiri. Mitambo inaunjikana kum'mawa koma sinagwetse kanthu. Azimayi anayatsa moto pansi pa mango, utsi wa nkhuni zaziwisi n'kudzaza pabwalo. Bambo wina woledzera anagwada pakhomo, anavula chipewa nafuula kuti, "Mfumu yagona! Azungu auzidwa?" Anthu anaseka, ena atabisa nkhope m'zitenje.

Madalitso, msuweni wanga, mwana yekhayo wa malemu, anakhala payekha pachitsa. Ndi bambo wa ana awiri. Kuyambira mwezi watha sakugona, ndipo amayankha anthu amene ife sitiwaona. Ndinapita kwa amalume aakulu, ndinagwada, n'kupempha kuti ndimutenge pobwerera kutauni akaonane ndi adokotala.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, za m'nyuzi zakozo uzisiye komweko," anatero. "Akachoka, nazale ya fodya athirira ndani? Mankhwala ake tikuwadziwa."

Osambitsa maliro anawaveka malemu malaya a manja aatali, omanga mabatani mpaka m'mikono. Woyankhula m'malo mwa banja anauza khamu kuti anamwalira ndi malungo. Aliyense pamenepo anadutsapo pachigafa chija, ambiri anaimapo n'kumaonerera, koma onse anagwedeza mitu movomera.

Tinanyamuka masana, amuna akulandizana bokosi, fumbi likutilowa m'kamwa. Kumanda adzukulu, amene amakumba manda ndi kutsitsa maliro, anapeza kuti chingwe chawo chimodzi chawola. Anatuma munthu kunyumba. Anabwera ndi chingwe cha nayiloni chabuluu. Ndinachizindikira ndi mfundo zake ziwiri, ndi pamene chinada ndi magazi.

Bokosi linatsika bwinobwino. Adzukulu atayamba kukoka zingwe, mayi anga anaimirira pakati pa amayi, chinthu chimene sichichitika kumanda.

"Achimwene, chabuluucho chisiyeni momwemo. Chipite nawo."

Adzukulu anaima, maso kwa eni mbumba. Nyimbo inazilala.

"Chikokeni," anatero amalume aakulu. "Chili ndi ntchito."

Anachikoka. Amalumewo anachikutumula dothi, anachikulunga pachigongono n'kuchipanira m'khwapa. Madalitso anali ataima tsidya la dzenje. Sanayang'ane bokosi la bambo ake. Maso ake anatsata chingwecho mpaka chinalowa m'khwapa.

Madzulo anthu anabalalika, miphika yobwereka inabwerera kwa eni ake. Mvula sinagwe. M'nyumba munali zii, kupatula mawu a Madalitso kuchipinda, akufotokozera munthu wosaoneka kuti iye ali bwino. Mkazi wake wamanga kale zovala za mwamunayo m'chitenje, monga ndinamupempha, kuti ndinyamuke naye m'mawa. Chingwe chapachikidwa pamzati womwe uja.

Matola oyamba opita ku boma amadutsa pamsewu dzuwa litatuluka. Amalume aakulu auza matenanti awiri amphamvu kuti afike pano kusanache.