Amene Anazula Pulagi Lachinayi

Ine ndinabadwa wokayikira. Amayi ankati ngakhale bere ndinkayamba ndalinunkhiza ndisanayamwe. Nditafika ku Joni khalidwe limeneli linangonenepa, chifukwa kumeneko munthu akakumwetulira ndinkayamba ndagwira thumba. M'Pretoria monse munali munthu mmodzi yekha amene mawu ake ndinkameza osatafuna, achemwali anga, amene ananditumizira tikiti ya basi kuti ndichoke ku Ntcheu.

Achemwaliwo ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Brooklyn, kwa mzungu wina woyeza malo, ndipo anali atakhalako zaka zisanu ndi chimodzi. Ankagona m'kachipinda ka kuseli kwa galaja. Ana awo awiri kumudzi ankapita kusukulu chifukwa cha ntchito imeneyo. Ineyo ndinagonamo pansi m'kachipindako miyezi itatu ndisanapeze ntchito ku Pretoria West, pa shopu yokonza makompyuta akale amene maofesi ankataya. Nditayamba kulandira ndinapeza chipinda changa ku Gezina. Ndi achemwali tinkaonana mwa apo ndi apo Lachinayi masana, poti limenelo ndilo linali tsiku lawo lopuma: ankapita ku mvano wa amayi, kenako n'kudzera kwa ine.

Lachisanu lina madzulo anandiimbira pa foni ya pamsewu. Mawu awo anali ouma.

"Kompyuta ya abwana yafa, ndipo akuti ndine. Akuti ntchito yawo ikatayika, ndilongedze mwezi ukatha."

"Munaigwira?"

"Ine? Chipinda chimenecho ndimangosesa pansi basi. Analetsa kalekale kuti ndisamakhudze chilichonse cha pa desiki."

Anapitiriza kuti bwanayo anaimbira munthu wina wa makompyuta m'tauni, amene anamuuza pa foni pomwepo, osaiona n'komwe, kuti mwina wina anasintha hadi disiki, chitsulo chimene chimasunga zonse za m'kompyuta. Ndipo bwana ankadziwa kuti wantchito wake ali ndi mlongo wake wogwira za makompyuta. Tsopano madamu ndiwo ananena kuti mlongoyo abwere, aione.

Ndinadziwa kuti ndi msampha. Munthu sangakuganizire kuba kenako n'kukuitana kuti udzamuthandize. Ankafuna kuona nkhope yanga ndikamatsegula bokosi la kompyutayo. Ndinakwiya usiku wonse, koma Loweruka nditaweruka ndinaika m'chikwama sikuludiraiva, madisiketi anga awiri, tizipangizo ting'onoting'ono ta kushopu ndi malaya oyera, n'kukwera takisi.

Misewu ya ku Brooklyn inali yofiirira ndi maluwa a jakaranda amene mvula ya mphezi ya Lachinayi inagwetsa. Pageti achemwali anachita kulikankha ndi phewa, ati mota yake yamagetsi inapsa tsiku la mvulalo. M'khonde la m'nyumba ndinaona masutikesi atatu atatsamira khoma, ndipo mutu wanga unamaliza mlandu wonse ndisanapereke moni. Masiku amenewo azungu ambiri ankasamukira kunja. Awa akupita, ndinatero mumtima, ndipo akufuna chifukwa chochotsera wantchito popanda kumupatsa kanthu. Galu wamkota sakandira pachabe.

Bwanayo anali wamtali, wa ndevu zaimvi, wolankhula pang'ono. Ananditengera m'chipinda chake chogwirira ntchito n'kukhala pa mpando pambali panga, pafupi moti ndinkamva fungo la fodya wake. Madamu anaima pakhomo. Achemwali anaima kumbuyo kwa madamu atagwira kansalu kopukutira mbale.

Kompyutayo inali ndi nyumba ziwiri m'bokosi limodzi. Mbali ina munali Windows, mmene madamu ankalembera makalata. Mbali ina munali Linux, mmene munali mapu onse a bwana, ntchito ya miyezi yambiri imene ankayenera kupereka sabata yotsatira. Amene anamuikira zimenezi ndi mnzake wa kuntchito amene anali atasamukira kunja, ndipo iye ankangodziwa kulowa ndi kutuluka. Mapanga awiri avumbwitsa, ndinatero chamumtima. Kompyuta yotere ikamayaka, pamayamba kudzuka kapulogalamu kakang'ono kamene kamaima pakhomo ngati mlonda n'kukufunsa kuti ulowa nyumba iti. Kameneka kankalemba dzina lake pa sikirini, zilembo zinayi, LILO, chilembo chimodzi pa sitepe iliyonse imene kadutsa bwino. Nditayatsa, kanalemba LI n'kuima pomwepo. Panalibe kulowa uku kapena uko.

Ndinayamba ndi mlandu wanga. Ndinatembenuza bokosilo n'kumuonetsa bwana masikuluu a kumbuyo, amene anali ndi fumbi la zaka, lopanda chala cha munthu. Kenako ndinalowetsa disiketi yanga n'kuyatsa kompyuta kudzera pamenepo, osadutsa kwa mlonda uja. Mapu onse analimo. Ndinamuwerengera mayina ake mmodzimmodzi, mokweza, kuti ndi madamu omwe amve.

"Disiki yanu ndi yomweyi, bwana. Palibe amene waba kanthu."

Anapuma mozama n'kuvula magalasi. Pepani sananene. Anangofunsa kuti, nanga bwanji sikuyaka?

Apa ndiye ndinayamba kumuzenga iyeyo. Kushopu ndinali nditaona kangapo anthu akuika Windows kachiwiri n'kufufuta mlonda uja osadziwa, kenako n'kubwera akulumbira kuti sanakhudze kanthu. Ndinamufunsa ngati anaikamo pulogalamu yatsopano. Anakana. Ndinafunsa ngati anasuntha magawo a disiki, ngati panabwera mlendo, ngati madamu anaikamo masewera. Zonse anakana, ndipo kukana kulikonse ndinkakuyesa bodza. Ndinafufuza masiku a mafayilo kufuna kumugwira, koma palibe chimene chinali chitasintha kwa milungu. Zinandiwawa, chifukwa ndinkafunitsitsa kuti akhale iyeyo.

Ndinayatsanso kompyuta, ulendo uno maso ali pa mizere yoyambirira imene imathamanga anthu osaiwerenga. Panatuluka uthenga wakuti makina aiwala zimene anauzidwa, dinani batani kuti mupitirize. Dzanja la bwana linafika pa batanilo msanga, monga linkachitira kuyambira dzulo lake. Ndinaligwira pamkono. Kanali koyamba kugwira mkono wa mzungu, ndipo tonse awiri tinadabwa.

Ndinalowa m'kati mwa makina, mmene kompyuta imasungira tsiku, nthawi ndi kawerengedwe ka disiki yake. Zonse zinali zitabwerera mmene zinachokera ku fakitale. Disikiyo inkawerengedwa mwa njira yakale, ndiye mlonda uja ankapita kukafuna chitseko pamene panalibe chitseko. Ndinasintha mzere umodzi, n'kusunga, n'kuyatsanso. LILO, zilembo zonse zinayi, ndi funso lake la masiku onse. Bwana analowa mu Linux n'kutsegula mapu ake. Madamu anaomba m'manja kamodzi. Ndinatsegula bokosilo n'kutulutsa kabatire kofanana ndi khobidi kamene kamasunga chikumbumtima cha makina magetsi akachoka. Kanali katafa. Ndinaikamo katsopano kochokera m'chikwama changa.

Pamenepo ndikanatseka bokosi n'kupempha madzi akumwa. Ntchito inali yatha, achemwali anali atapulumuka, ndipo bwana anali wokhutira kuti vuto linali kabatire. Koma mtima wanga unali usanakhute. Anatiyesa akuba, ife, ana a mayi amene ankabweza ngakhale singano yobwereka. Ndinkafuna kuti wina m'nyumbamo achite manyazi achemwali akuona.

"Koma bwana," ndinatero m'Chingerezi changa chabwino kwambiri, "kabatire kakafa, kompyuta ngati iyi siiwala kanthu ikakhala yolumikiza kukhoma. Imaiwala pokhapokha munthu akazula pulagi. Wina anazula."

"Palibe amene amazula pulagi imeneyo," anatero bwana.

"Anazula, ndipo ndikuuzani nthawi yake."

Ndisanakonze, ndinali nditalemba padzanja zimene wotchi ya makina inkanena. Pulagi ikabwezeredwa, wotchiyo imayambira pa 1 Januwale pakati pa usiku n'kumayenda kuchokera pamenepo. Inkanena 3 Januwale, wani koloko itangodutsa. Ndiye kuti inali itayenda masiku awiri ndi ola limodzi. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma, folo koloko, n'kuwerenga chobwerera ndi zala, mokweza. Lachisanu. Lachinayi. Thili koloko masana. Chimwemwe chinandikwera mpaka m'makutu.

"Lachinayi masana. Ndipo Lachinayi masana achemwali anga amakhala kutchalitchi. Ndiye mufunse amene anali m'nyumba muno."

Ndinayang'ana achemwali kuti tisekerere limodzi, koma iwo ankayang'ana kansalu ka m'manja mwawo.

"Ife tinali ku ukwati ku famu kuyambira Lolemba," anatero madamu pang'onopang'ono. "Tabwera dzulo. Lachinayi lino mchemwali wako anatsala kusunga nyumba."

Masutikesi aja anali ochokera ku ukwati.

Bwana anatchula dzina la achemwali n'kufunsa ngati ndiwo anazula. Anavomera ndi mutu. Anafunsa chifukwa chake, ndipo anayankha mawu amodzi a Chingerezi otanthauza mphezi. Ine sindinafunikire kumva zambiri. Kwathu mitambo ikada, amayi ankaphimba kalilole ndi chitenje, kuchotsa waya wa wailesi pa denga n'kutikhazika pansi kutali ndi khomo. Achemwali anabwera nazo ku Joni, kumene mphezi zake ndi zaukali kuposa za kwathu. Mvula iliyonse ya mphezi akakhala okha, ankazungulira nyumba yonse kuzula mapulagi, n'kubwezera ikadutsa. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi, kabatire kaja kakuwabisira, mpaka kanatopa.

Ndinayesa kubweza mawu. Ndinauza bwana kuti mphezi imene inaotcha mota ya geti ikanaotchanso kompyuta ndi mapu ake onse ikanakhala yolumikiza. Iye anavomera, ndipo anati zimenezo ndi zoona. Kenako anati, "Ndinamufunsa katatu dzulo, ndipo anakana akundiyang'ana m'maso." Anandithokoza, n'kundiperekeza mpaka pakhomo ngati mlendo wolemekezeka. Zinandinyansa kuposa akanandithamangitsa.

Kuseli kwa galaja ndinawakalipira achemwali, poti manyazi anga ankafuna potulukira.

"Bwanji simunandiuze pa foni? Ndinakufunsani!"

"Eish, iwe. Ndinkati ubwera kudzakonza kompyuta. Sindinadziwe kuti ukubwera kudzazenga mlandu."

"Mukanangonena kwa abwana poyamba pomwe."

"Munthu atafiira nkhope, akunena za polisi ndi za mlongo wanga wakuba, ndimuuze kuti ndakhala ndikulowa pansi pa desiki yake six years? Ndinati ndikavomera pulagi, andikakamiza ndivomere ndi disiki yomwe, kenako akubwerera iwe. Mapepala ako amene aja, ukanalimba nawo ku polisi?"

Mapepala anga anali otha nthawi, ndipo tonse awiri tinkadziwa.

Milungu iwiri yotsatira ndinkadziuza kuti zipita. Pa chipinda chogwirira ntchito panaikidwa loko. Kenako madamu anayamba kufunsa za tinthu timene sanafunsepo, supuni, mabotolo a m'kabati. Mwezi utatha anawaitana achemwali kukhitchini, akulira iwo eni madamuwo, n'kunena kuti nkhani si kompyuta ayi, koma abwana sangathenso kusiya makiyi m'manja mwa munthu amene anawanamiza. Anawalembera kalata yabwino yofunira ntchito kwina.

Ndinakawatenga ndi bakki, kagalimoto konyamula katundu ka kushopu. Katundu wa zaka zisanu ndi chimodzi anakwana m'zikwama zinayi ndi beseni limodzi. Ku Gezina ndinawapatsa bedi langa, ine n'kuyala pansi monga ndinkachitira ku Brooklyn. Anatha miyezi isanu akuchapa zovala za anthu tsiku limodzi apa, tsiku limodzi apo, ndipo mwana wawo wamkulu kumudzi anakhala pakhomo teremu yonse. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale kamodzi. Ndikanakonda akananditukwana, chifukwa ndikanapeza poyankha.

Lamulungu lina masana mitambo inada kumbali ya mapiri a kumpoto, ndipo mphezi yoyamba inagwedeza mawindo. Ndinali pa kompyuta yanga yakale imene ndinalumikiza kuchokera ku zotsala za kushopu. Achemwali anadzuka pabedi, kuphimba kagalasi kanga kometera ndi thaulo, kuzula ketulo, kuzula wailesi. Atafika pa pulagi ya kompyuta anagwada, dzanja lili m'mwamba, n'kutembenuka kundiyang'ana.

"Achimwene, iyi ndizule, kapena muwerenganso wotchi?"

Ndinagwada pambali pawo n'kuizula ndekha.