Webusaiti yanga inati "talandira" isanalandire kanthu

Ine ndinapanga webusaiti yomwe inkauza anthu kuti uthenga wawo wafika, pomwe sunkafika kwa munthu aliyense. Chifukwa cha zimenezo, bambo wina anamwalira ku Joni akukhulupirira kuti abale ake a ku Kandeu anamukana. Inu owerenga, makamaka inu amene mumadziwako za makompyuta ndipo anthu akumudzi amakudalirani, ndikukupemphani muwerenge nkhani yangayi mpaka kumapeto.

Nthawi imeneyo ndinali ndi kashopu pa Ntcheu Boma, kufupi ndi poima maminibasi. Ndinkatayipa makalata ofunsira ntchito, kupanga fotokope ndiponso kusindikiza makhadi a ukwati. Kompyuta ndinaiphunzira ku Blantyre kwa miyezi yochepa chabe, koma pa boma pathu ndinkayenda ngati ndinaitulukira ndine. Intaneti inali itangoyamba kumene kufala kwathu kuno, ndipo mtsikana wodziwa kutsegula imelo ankapatsidwa ulemu wa dokotala. Ulemu umenewo ndinkaukonda kwambiri, sindibisa.

Tsiku lina kunabwera a Kamwendo, mkulu wa mpingo wa ku Kandeu, amene anagwirako ntchito m'migodi ali mnyamata. Kudera kwawo kuli mabanja ambiri omwe amuna awo anapita kumigodi ndi kumafamu a ku Joni, ena osabwereranso. Oterewa kwathu timawatcha matchona. A Kamwendo anali atasonkhanitsa mabanja amenewa, ndipo anamva kuti pa intaneti anthu otayana amapezana. Anabwera ndi jumbo yodzaza zithunzi zakale zoyeraluka, n'kundifunsa ngati ndingaziike poti ana a matchona aja azione ali komweko. Ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe.

Ndinali ndi pulogalamu yopangira mawebusaiti yosavuta kugwiritsa ntchito. Unkangokoka chithunzi n'kuchiika pamene ukufuna, kulemba mawu pansi pake, basi tsamba latheka. Koma inali ndi polekezera. Inkapanga masamba ongoonetsa zinthu, osati olandira zinthu. Kuti munthu alembe uthenga pawebusaiti inu n'kuuwerenga, pamafunika zinthu ziwiri. Pamafunika detabesi, yomwe ndi nkhokwe yosungiramo zimene anthu alemba, komanso sikiripiti, omwe ndi malangizo ouza kompyuta kuti inyamule uthengawo n'kukauika m'nkhokwemo. Pulogalamu yanga inalibe zonse ziwiri. Zimenezi ndinkazidziwa bwino lomwe, musaganize kuti ndinalakwa mosazindikira.

Chimene chinandipusitsa ndi ichi. Pa tsamba la intaneti la eni pulogalamuyo, anthu ambiri ankafunsa za detabesi ndi sikiripiti, ndipo eniakewo ankayankha kuti zonsezo akuzikonza, zibwera m'pulogalamu yatsopano yomwe ituluke posachedwa. Ine mawu akuti posachedwawo ndinawatenga ngati akuti mawa m'mawa. Ndinati bwanji ndingokonzeratu zonse, kuti yatsopanoyo ikafika ndidzangolumikiza. Choncho pansi pa chithunzi chilichonse ndinaikapo malo olembapo uthenga, ndi batani lobiriwira lolembedwa kuti "Tumizani". Munthu akadina batanilo, pankatseguka tsamba lina limene ndinalemba ndi manja angawa, m'Chichewa ndi m'Chingerezi: "Zikomo, uthenga wanu talandira. Abale anu akuyankhani posachedwa." Koma uthengawo sunkapita kulikonse. Unkangofufutika pomwepo.

Nditawaonetsa a Kamwendo anasangalala kwambiri, koma anafunsa funso limodzi.

"Nanga mwana wanga, bwanji osaikaponso nambala ya foni yanga penapake, kuti wina akafuna angoimba?"

Ine ndinaseka n'kuwauza kuti, "Bambo, webusaiti si chikwangwani cha sing'anga choti tizilembapo manambala."

Iwo anaseka nawo, n'kunena kuti odziwa ndi ife ana a masiku ano. Nambala yawo sindinaiikepo chifukwa ndinkaona kuti iononga maonekedwe a tsamba. Koma dzina la shopu yanga ndi mawu akuti Ntcheu Boma ndinazipezera malo pansi penipeni, ndipo sindinaone kuti zikuononga kanthu.

Mwa mabanja onse aja, amene anaika mtima kwambiri pa webusaitiyi anali a Nangozo, mayi wachikulire wolima kachewere ku Kandeu komweko. Mlongo wawo, a Yohane, anapita kumigodi iwo akadali kamtsikana. Poyamba ankalemba makalata, kenaka zii. Mayi awo atamwalira sanabwere, ndipo mkazi amene anamusiya anadikira mpaka anatopa n'kukwatiwa kwina. Chithunzi chimene a Nangozo anapereka chinali choti a Yohane aima pambali pa njinga, iwo atawagwira malaya. Anandiuza kuti za kale zija alibe nazo mlandu, akungofuna kumva mawu a mlongo wawo mmodzi mwa awiriwo asanatsikire kumanda.

Akabwera ku boma kudzagulitsa kachewere kapena kudzatenga mankhwala kuchipatala, sankalephera kupatukira pashopu panga. Ankandibweretsera kachewere wosankha m'kambale, n'kukhala pabenchi, n'kufunsa ngati kwabwera kanthu. Apa ndi pamene pamandiwawa kwambiri ndikakumbukira. M'malo mowauza zoona, ine ndinkatembenukira kukompyuta, kugwedezagwedeza mausi, kukwinya nkhope ngati ndikufufuza, kenaka n'kunena kuti, "Sikunabwere kanthu, amayi." Ndinalibe poyang'ana paliponse. Ndinkadzitonthoza kuti si bodza lenileni, poti kunalibedi chimene ndaona. Iwo ankangoti Mulungu alipo, n'kunyamuka kukakwera kabaza.

Mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi ku Blantyre anadutsa pashopupo ali paulendo, ndipo ataona webusaitiyo anandichenjeza. Anati ndichotse batanilo mpaka litayamba kugwira ntchito, apo ayi ndiphunzire kulemba sikiripiti ndekha, poti si za ufiti ayi, kapena ndingolembapo imelo yanga. Ndinamuyankha kuti ndivutikirenji kusula khasu pomwe thalakitala ili m'njira. Kunena zoona, ndinkachita manyazi kubwerera kwa a Kamwendo kukanena kuti chinthu chimene anachilengeza m'tchalitchi sichikugwira ntchito.

Pulogalamu yatsopano ija inatulukadi patapita miyezi. Ndinathera mayunitsi ambiri poikopera. Nditaitsegula ndinapeza mitundu yatsopano ya zilembo, mabatani onyezimira ndi njira yochititsa zithunzi kuyendayenda. Detabesi munalibe, sikiripiti munalibe. Pa tsamba lawo lija anati pepani, ntchitoyo inakula kuposa mmene ankaganizira, izo zibwera m'yotsatira. Munthu wanzeru akanadzidzimuka pamenepo. Ine ndinasintha batani lobiriwira lija n'kuikapo lonyezimira, n'kuyambiranso kudikira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Masana ena m'nyengo ya mvula, pashopu panga panafika bambo wamtali atanyamula chikwama chachikulu, atangotsika basi ya ku Joni. Anali ndi pepala limene anasindikizapo tsamba la webusaiti yanga, ndipo anandipeza potsatira dzina la shopu lija. Anati dzina lake ndi Mandla, mwana wa a Yohane. Chichewa ankachidziwa chongoperekera moni, choncho tinalankhula m'Chingerezi.

Anandifotokozera kuti iye ndi amene anaipeza webusaitiyo, tsiku lina akufufuza dzina la Kandeu lomwe bambo ake ankalitchulatchula. Pamenepo n'kuti a Yohane akudwala chifuwa cha kumigodi. Atawaonetsa chithunzi cha njinga chija, mkuluyo analira ngati mwana. Tsiku lomwelo anauza Mandla zoti alembe: kupepesa chifukwa chosabwera kumaliro a mayi awo, kufunsa ngati mlongo wawo ali moyo, ndi nambala ya foni yoti awaimbire. Mandla anadina batani, tsamba linati uthenga walandiridwa, abale ayankha posachedwa. A Yohane anayamba kugona ndi foni kumutu. Kutakhala chete, analembanso. Kenaka analembanso, mawu ake akunka nafupika. Uthenga womaliza unali wongopempha kuti ngakhale atawakwiyira chotani, angowauza kumene kuli manda a mayi awo. Pamapeto pake anauza mwana wawo kuti asiye kulemba, chifukwa anthuwo amva koma sakufuna, ndipo akulondola kutero. Anamwalira patangopita nthawi yochepa.

Mandla sanabwere mokondwa ayi. Anabwera chifukwa bambo ake anamulumbiritsa kuti adzapereke bulangete ndi chipewa chawo kwa mlongo wawo, ngakhale mlongoyo sakuwafuna. Anandiuza kuti ndimuonetse anthu ouma mtima amene ankawerenga mawu a munthu wodwala n'kungokhala duu. Ndinamuuza kuti palibe amene anawerenga. Sanamvetse, mpaka ndinatsegula webusaitiyo, n'kulemba dzina langa, n'kudina batani iye akuona, n'kumuuza kuti zimene ndalembazo zatha pomwepo. Sanatukwane. Anangofunsa kuti basi yopita ku Kandeu akwerera pati.

Ndinatseka shopu n'kupita naye. Tinayamba tafika kwa a Kamwendo, ndipo ndinawaululira zonse tili chiimire pabwalo. Iwo anangovula chipewa n'kuchiyang'ana m'kati, kenaka anatitsogolera kwa a Nangozo. Tinawapeza akusankha mbewu ya kachewere pakhonde. Atangomuona Mandla anaimirira n'kuyamba kululutira, chifukwa nkhope yake inali ya a Yohane yeniyeni. Nthungululuzo zinadukira pakati ataona bulangete likutuluka m'chikwama, poti kwathu kuno katundu wa munthu akabwera yekha, aliyense amadziwa tanthauzo lake. Analira maliro pomwepo, ndipo anthu oyandikana nawo anasonkhana.

Kulira kutachepa, a Kamwendo anandiuza kuti ndifotokoze ndekha, poti wotanthauzira analinso ine ndemwe. Ndinagwada n'kutembenuzira m'Chichewa mawu onse a Mandla, kuphatikizapo akuti mlongo wawo anafa akuganiza kuti awakana. Ndinafotokozanso za pulogalamu, za detabesi, za lonjezo la eniake lija. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha kuti mawu amenewa ndi opanda pake pakhonde limenelo. A Nangozo anamvetsera mpaka ndinamaliza, bulangete lili pamiyendo. Kenaka anandifunsa mofatsa.

"Ndiye mwana wanga, ndikabwera kuja iwe n'kumayang'ana m'kompyuta muja, unkayang'ana chiyani?"



Tsiku lotsatira ndinachotsa batani lija n'kulemba nambala ya a Kamwendo pamwamba penipeni ndi zilembo zikuluzikulu. Sipanapite nthawi yaitali, foni yawo inayamba kulira, ndipo mabanja ena anapezanadi ndi abale awo kudzera pa nambala yomwe ndinkaiseka ija. Ena mwa oimbawo ankayamba ndi kudandaula kuti analembapo kale koma sanayankhidwe. Amene analemba n'kugwa ulesi osabwereranso, sindidzawadziwa. Pambuyo pake ndinadzichepetsa n'kupempha mnzanga uja kuti andiphunzitse kulemba sikiripiti ndi kukonza detabesi, ndipo sizinanditengere nthawi imene ndinataya podikira. Pulogalamu ija ndinasiya kuitsatira, sindikudziwa ngati zimene analonjeza zinadzabwera.

Eni pulogalamuwo sindiwaimba mlandu. Iwo ananena zimene akufuna kudzachita, ine ndi amene ndinazisandutsa zochitika kale n'kuzipereka kwa anthu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Inu amene mumapanga mawebusaiti ndi zina zotere, gwirani ntchito ndi zimene chida chanu chikutha lero, osati zimene akuti chidzatha m'tsogolo. Chinthu chikakhala kuti sichinayambe kugwira ntchito, musachionetse kwa anthu, ngakhale chikongole bwanji. Musanauze munthu kuti zatheka, tumizani uthenga nokha, muuone ndi maso anu kuti wafika. Wachikulire akakupemphani njira yachikale ngati nambala ya foni, musamuseke. Ndipo ngati mwazindikira kuti mwalakwitsa, nenani tsiku lomwelo. Manyazi amene ndinkawathawa anali a tsiku limodzi lokha.

A Nangozo akadali moyo. Mandla anawasiyira chithunzi cha a Yohane ali okalamba, ndipo amawaimbira foni nthawi ndi nthawi. Akabwera ku boma amandipatsabe moni mwaulemu, atafunda bulangete lija m'nyengo yozizira. Koma pabenchi panga sanakhaleponso.