Mithiko ya Alongo Anga

Alongo anga amasema mithiko yopindika. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asadzati ndikuwakometsera poti tinayamwa bere limodzi. Mitondo yawo ndiye bwinoko, koma asinje ndani masiku ano chigayo chili pamphuno? Mipando nayo anthu anatengeka ndi yapulasitiki ija imabwera pamwamba pa minibasi kuchokera ku Chipata.

Chaka china titangotha kukumba mtedza, anabwera kwathu ku Zingalume panjinga kuchokera ku Mlolo komwe anakwatira. Anakhala pakhonde osavula chipewa, ndipo ndinadziwiratu kuti pali nkhani. Anati mnzawo wawaitana ku Lusaka kuti azikasema njovu ndi nyamalikiti zogulitsa kwa alendo.

"Nyamalikiti munamuonapo inu?" ndinafunsa.

"Mnzangayonso sanamuonepo, koma wamanga nyumba ya malata."

Mtima unandiwawa, sindibisa. Chimwalirireni atate, mwini mbumba ndi iwowa. Mwana wanga akadwala, kapena mwamuna akabwera kudzafunsira mbeta, ndithamangira kwa ndani? Opita ku Lusaka timawadziwa. Amabwera pamaliro pokha, atavala nsapato zosongoka, n'kumafunsa ngati madzi athu ndi owiritsa.

Ndinawauza kuti njala ili paliponse. Iwo anati, "Si njala yokha, mlongo. Ndamera imvi nsompho ili m'manja, koma palibe anandiuzapo kuti iwe, umatha."

Chifukwa chake ndi ichi. Kwathu kuno zilombo za gule sizisemedwa ndi munthu. Zimawedzedwa kudziwe. Ine ndine mkazi, ndikudziwa zomwezo, ndipo ndidzafa ndikudziwa zomwezo. Kungoti gule akayandikira alongo anga amasowa, pobwerako m'zikhadabo muli utoto wofiira, pomwe mthiko supakidwa utoto. Aliyense amaona, palibe anganene. Wovina timamusupa, woimba ng'oma timamulululira. Wa utoto m'zikhadabo amangoima pakati pa amuna anzake atapinda manja, ngati munthu wodikira minibasi.

Tinagwirizana kuti anyamuke tikamanga chiliza cha atate. Chikwama chamizeremizere anali atagula kale kuboma.

Tsiku la chiliza gule anatuluka masana, fumbi lili koboo. Zinabwera zilombo zomwe timazidziwa, tinaimba, tinathawa pofunika kuthawa. Kenaka kunatulukira chachilendo, chikuyenda pang'onopang'ono, dzanja limodzi kumsana. Chitatembenuka ndinaona khutu lamanzere lopindika. Ndinaona mpata pomwe ng'ombe inachotsa dzino tsiku lina pomanga goli. Ndinaonanso mlomo wopotokera mbali, momwe atate ankachitira wogula mtedza akatchula mtengo wachipongwe. Azakhali athu anangokhala pansi pomwepo. Ine ndinkaseka misozi ikutsika, chifukwa ndinali nditayamba kuiwala nkhope ya atate ndipo sindinauzepo munthu.

Azimayi anayamba kupita kutsogolo kukasupa. Ine ndinalowera kuseri kwa nkhokwe n'kumasula thadzi lomwe tinasungira alendo. Ndinalinyamula, ndinachidutsa chilombo chija, ndinakagwada pamaso pa alongo anga kumbali ya amuna. Ng'oma zinayamba kulira motsitsa. Akuluakulu onse maso anali pa ine, poti mawu amodzi olakwika pamenepo ndi mlandu, mbuzi imapita.

Ndinati, "Alongo, mthiko uja munandisemera ndauona. Kuno kulibe wina angaseme wotero."

Anayang'ana kumbali. "Ndi mthiko chabe."

"Eya, ndi mthiko. Ngakhale khutu lake ndi lomwelo."

Mkulu wina anatsokomola. Ndinadziwa kuti ndafika m'malire, ndinasiya nkhuku pamapazi awo n'kudzuka.

Sindinapangane ndi munthu, koma azakhali anadzuka nawonso, anapita kukathokoza chifukwa cha chipande. Anawatsatira mayi wina wa ku Pembamoyo yemwe sanagulepo ngakhale supuni kwa alongo anga. Iye anayamikira mtondo, akuti ukamauyang'ana umachita ngati ulankhula. Posakhalitsa panali mzere wa azimayi, aliyense ndi chiwiya chake cha kukhitchini choti atamande. Amuna sakanatiletsa, chifukwa palibe mwambo woletsa mkazi kuyamikira mthiko. Alongo anga anaima pomwepo, nkhuku m'khwapa, akupukuta m'maso. Anati ndi fumbi.

Sabata yotsatira sananyamuke. Anati akudikira kuti msewu aupale. Ataupala anati mvula yayandikira. Chikwama chija mlamu wanga amasungiramo mtedza wambewu.

Sindinganame kuti analemera. Nyumba yawo malata ali mbali imodzi, mbali inayo udzu. Ine ndikapita kumsika wa kuboma ndi tomato, ndimayala mithiko yawo pambali, ndipo azimayi akwathu amagula mosanenerera mtengo. Wina wobwera, wogwira ntchito kuchipatala, anatenga umodzi, anautembenuza uku ndi uku n'kundifunsa ngati ulipo wowongoka. Ndinamuuza kuti owongoka ali ku Lusaka.

Mwana wanga wamkulu atapeza mwamuna, amalume ake anafika panjinga m'mawa womwewo, ndipo nkhani anaiyendetsa bwino. Mwanayo ndi yemwe amadandaula kuti m'nyumba mwanga mithiko yachuluka, ina ili padenga, ina yadyedwa ndi chiswe isanalowe mumphika.

Chilimwe chilichonse chilombo cha khutu lopindika chija chimatuluka, dzanja kumsana, mlomo kumbali. Ndimaima kutsogolo kwa azimayi anzanga n'kuchiyang'ana mpaka chibwerere komwe chimachokera. M'mawa mwake ndimakwera njinga kupita ku Mlolo kukagula mthiko wina.