Nkhwangwa ya ku Lifidzi

Estêvão Kamtedza anabadwira ku Lifidzi, mwana wachitatu wa mlimi wa nyemba. Mpira anauphunzira pa sikola ya amishoni. Sanali waliwiro, kugoletsanso sankakudziwa. Chake chinali kutchinga kumbuyo. Miyendo yake inali ngati minsi, ndipo munthu akamabwera ndi mpira ankamuyang'ana m'chiuno, n'kumulanda asanaganize kokhotera. Ankanyadira kuti amatenga mpira mwiniwake osamukhudza.

Mu 1951 mzungu wina wa kampani ya kudoko ku Beira anadzacheza kwa apadiri, ansembe a ku Fonte Boa, n'kumuona akusewera pa tsiku la phwando la mpingo. Sabata isanathe, Estêvão anali m'sitima. Pa pepala anamulemba kuti ndi wonyamula matumba, koma thumba sanalisenzepo. Ntchito yake inali kutchinga golo la kulube, timu ya mpira ya kampaniyo.

Zaka ziwiri zoyamba anasewera mwaukhondo. Zonyansa zinalipo, koma ankangomeza malovu. Mpira ukatha, osewera achizungu ankakasamba m'nyumba, iye ndi anzake akuda ankasamba pa mpope wa kuseri, pomwe agalu a mlonda ankamwera. Amene amukumbatira pa bwalo, mawa lake mumsewu ankamudutsa ngati chitsa. Chomwe chinkamutonthoza chinali Jacinto, mnyamata wa ku Domwe, wogoletsa wa kulube ina ya kutsidya kwa tauni. Lamulungu akatuluka ku Misa ankadyera pamodzi, akucheza m'chinenero cha kwawo, akusowa kuzizira kwa kumapiri.

Kenaka kunabwera mphunzitsi watsopano wa timu ya Estêvão, Senyoro Valadares, munthu wa chimimba, wotafuna ndudu, wolavula paliponse. Tsiku lokumana ndi kulube ya Jacinto litafika, anamukokera Estêvão pambali.

"Mnzako uja, Jacinto, sindifuna kuti afike kumapeto akuyenda."

"Ndimulanda mpira, a Senyoro. Sandidutsa."

"Ndani wanena za mpira? Ukakana, mawa pepala lako ndiling'amba. Ukudziwa kumene amapita munthu wopanda ntchito. Ukakumba msewu pa chibalo mpaka msana upindike."

Estêvão anali ataona amalume ake akubwerako ku ntchito yokakamizayo, ali mafupa okhaokha. 

Anachita. Jacinto anabwera ndi mpira kumanzere, akumwetulira monga ankachitira akakumana, ndipo Estêvão anausiya mpira udutse n'kulowa ndi nsapato yamisomali pansi pa bondo. Fupa linalira ngati nkhuni youma. Jacinto sanakuwe. Anangodzutsa mutu, n'kunena motsitsa, "Achimwene, ndinu?"

Bwalo lonse linaphulika ndi chimwemwe. "Machado! Machado!" ankatero, kutanthauza nkhwangwa. Madzulo a tsikulo akuluakulu a kampani anamulowetsa m'nyumba yawo yomwera, koyamba chifikireni ku Beira. Anamupatsa vinyo m'tambula yagalasi. Valadares anamupsompsona patsaya, mkamwa mukununkha adyo ndi fodya. Mkulu wina wadazi anayamba kutsanzira mmene Jacinto anagwera, akutsimphina pakati pa matebulo, madona akuseka mpaka kupukuta misozi. Estêvão anatuluka n'kukasanza m'mbali mwa khoma.

Patapita masiku atatu anapita kuchipatala. Jacinto atamuona anatembenukira kukhoma. Mkazi wake, Margarida, ndiye anaimirira pakhomo.

"Mwabwera kudzaona ngati ntchito munaimaliza?"

"Alamu, ndinachita kuuzidwa."

"Galu nayenso amachita kuuzidwa. Tulukani."

Kulube ya Jacinto inamuchotsa sabata yomweyo, mwendo usanapole n'komwe, ndipo anabwerera ku Domwe ndi ndodo.

Munthu angaganize kuti Estêvão analongedza tsiku lomwelo. Ayi, anasewerabe zaka zina zitatu, ndipo ichi n'chimene chinkamuchititsa nseru koposa zonse. Anthu ankadzaza bwalo kudzaona Nkhwangwa, ogoletsa ankamuthawa, iye n'kuzolowera kuopedwa. Anapwetekanso ena awiri, osauzidwa ndi munthu. Akamavula nsapato ankazikankhira kutali ndi phazi, ngati wapondera pa chimbudzi cha galu.

Mu 1956 bondo lake linatupa, osaphwanso. Valadares analipsinya kamodzi, monga munthu wosankha papaya pamsika, n'kunena kuti, "Nsapato ukasiye kwa wosunga katundu." Mkulu wadazi uja anakumana naye pachipata, koma sanamuzindikire.

Ku Lifidzi mbiri inali itafika kale. Amuna anamuzinga, akufuna kumva mmene ankathyolera anthu a m'tauni. A Ambrósio, mphunzitsi wa pa sikola, anadzamupempha kuti aziphunzitsa timu ya pamudzi.

"A Machado, mutipatseko nzeru za ku Beira."

"Dzina limenelo musalitchulenso pakhomo pano, aphunzitsi. Nzeru zimene ndinatenga kumeneko ngakhale nkhumba singadye."

Anakwatira Felismina, mkazi wosafunsafunsa, n'kuyamba kulima mbatata ya kachewere. Ogula abwino anali ku Domwe, ndipo alimi onse ankapita kumeneko. Iye ankamanga matumba pa njinga n'kuloza kwina, njira yayitali, kumene mtengo unali wotsika. Felismina anapirira zaka ziwiri, kenaka anamufunsa.

"Bambo, ku Domwe kuli chiyani?"

"Kuli munthu amene amandidziwa," anayankha.

Tsiku lina anayesa ndithu. Anafika mpaka pamlatho wolowera kumsikako, n'kuona patali munthu wa mwendo wokhota atakhala pa thumba, akuitanira malonda. Estêvão anaima nthawi yaitali atagwira njinga. Kenaka anatembenuka, n'kukankha katundu wake yense kukwera chitunda kubwerera kwawo. Sanapitekonso.