Mbale Ziwiri za pa Idi

Ndikakumbukira agogo aamuna, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la malata otenthedwa ndi dzuwa ndi la mawungu owiritsa, ndipo m'makutu mumalira hamala yomwe ankakhomera ndowa ndi mbaula pakhonde pawo ku Nsanama. Anali bambo wamfupi, wamakani, wosachedwa kupsa mtima koma wosachedwanso kuseka.

Mdani wawo anali m'mimba. Mukayamba kupotokola, hamala inkangoti zii, iwo n'kumapita kuchimbudzi atawerama, kubwera, kupitanso. Mankhwala awo anali makapisozi a pagolosale, ndipo ankawameza ngati mtedza. Chaka china makapisoziwo anakanika, agogo anaonda mpaka kumangira buluku ndi chingwe, ndiye anawatengera kuchipatala ku Liwonde.

Dokotala atawayeza anati, "Bambo, m'mimbamu mulibe tizilombo toti muphe. Makapisoziwa akungowonjezera vuto. Yang'anani zimene mukudya. Mukadzaona magazi kapena kutentha thupi, mubwere kuno, osati kugolosale."

Makani awo aja anawathandiza. Ankasiya chakudya chimodzichimodzi n'kumamvetsera m'mimba. Nyemba zinapita, mkaka wa mu tiyi unapita, kanyenya wa pamsika yemwe ankamukonda koopsa anapitanso, ndipo tsabola wa kambuzi anamutsanzika ngati m'bale. Anatsala ndi phala la ufa woyera, nthochi zakupsa, mawungu ndi nsomba yowiritsa.

Agogo aakazi ankawaseka kuti, "Ndinakwatiwa ndi mwamuna, lero ndikulera khanda."

"Khanda lake likukhoma ndowa," ankayankha choncho, hamala ili m'manja.

Vuto linabwera ndi Idi. Ife tinali Akatolika, koma kuseri kwa mpanda kunkakhala Che Bwanali, telala wachisilamu, mnzawo wa agogo wa ponda apa m'pondepo. Pa Khirisimasi nkhuku yathu ankazinga ndi iwo kuti nawonso adye nawo. Pa Idi ankabwera okha ndi mbale ya mpunga ndi nyama ya mbuzi yosambira m'mafuta ndi kambuzi, n'kukhala pamkeka kudya ndi agogo mbale imodzi. Kwathu kukana chakudya chotere ndi kukana munthu mwini wakeyo.

Pa Idi ya chaka chimenecho mbale ija itafika, agogo aakazi ananong'oneza amuna awo kuti, "Ingodyani pang'ono, mawa mumeza makapisozi."

Agogo aamuna anasamba m'manja, anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali, koma dzanja silinapite. "Achimwene," anatero, "zaka zonsezi ndikadya mbale iyi ndimachezera kuchimbudzi. Ndinkaopa kukuuzani. Lero sindidya."

Che Bwanali anaimirira, ananyamula mbale ija n'kutuluka. Pakhomo panagwa chisanu. Agogo aakazi analowa m'nyumba akudandaula kuti chinansi chatha chifukwa cha m'mimba, ndipo ine ndinamva chisoni poona agogo aamuna atatsala okha pamkeka, manja ali onyowa.

Dzuwa litapendeka, Che Bwanali anabweranso ndi akazi awo, Abiti Saidi, atanyamula mbale ziwiri. Yamafuta ija anatipatsa anafe. Inayo inali ya mpunga woyera ndi nyama yongowiritsa, yothira mchere basi.

"Iyayi, inu ndinu munthu woipa," anatero Che Bwanali akukhala pansi. "Ine kumakudwalitsani chaka ndi chaka, inu osanena? Mukanafa ndikanauza ndani?"

Anadya limodzi mbale yopanda mafutayo. Che Bwanali ankakwinya nkhope n'kumati chakudya chake n'chozizira ngati cha m'chipatala, koma sanasiye ngakhale njere. Mawa lake hamala inalira kuyambira m'mawa, ndipo mbale zinakhala ziwiri pa Idi iliyonse mpaka agogo anatisiya.

Hamala ija inapita kwa amalume. Ine ndinatengera m'mimba mwa agogo. Pano ndimakhala ku Balaka, ndipo ndikapita kuukwati n'kupatsidwa mbale yonyezimira mafuta, manyazi amandigwira ndithu. Koma ndimakumbukira bambo wamakani uja ali pamkeka, ndiye ndimathokoza mwini chakudya, n'kumuuza zoona za m'mimba mwanga.