Batani lobiriwira lija analichotsa

Mavuto, lero munthu wina wakutukwana pa gulu lathu la pa intaneti la pulogalamu yaulere ya pa foni ija, imene alangizi a zaumoyo amalembera ana a katemera kumidzi ya ku Dzoole. Walemba kuti: "Amene analemba malangizo a Chichewawa ndi mbuli. Akuti dinani batani lobiriwira, batanilo lili kuti? Mudzutseni akonze, asamangogona." Anthu aseka. Ndinayamba kumuyankha kuti wagonadi, kumanda a ku Chezi, ndipo chaka chakwana, koma ndafufuta. Wamwano ngati ameneyo sayenera kukudziwa.

Ndakumbuka tsiku lija tikudya tchipisi pa Dzaleka, pulogalamuyo itangosinthidwa. Chako chinazizira ukujambulanso zithunzi zonse za m'malangizo, chifukwa batani analisuntha kuchoka kumanzere kupita kumanja. Ndinakuseka kuti ukudzivutitsa ndi ntchito yopanda bwana. Unati: "Mlangizi akadina polakwika, mwana wa ku Ntchisi aphonya katemera. Idya chako, undisiye." Chichokereni iwe, pulogalamu yasintha kangapo, batani lako analichotseratu, ndipo akunja amene amaikonza sanafunsepo kuti unalowera kuti. Ndiye lero ndakonza tsamba lako la malangizo lija. Nditangosunga, pamene panali dzina lako monga wokonza womaliza paoneka langa. Abale ako anangokukwirira, Mavuto, koma wokufufuta ndine. Ndipo wamwano uja wayankha kale: "Eya, uyu ndiye akudziwa ntchito, osati winayo."