A Swaibu ndi Chitsulo Chokana Kupindika

A Swaibu anali mmisiri wosula zitsulo ku Chia, nthawi ya Chitaganya. Ankasula mbedza, makasu ndi nkhwangwa zosemera mabwato, ndipo asodzi ankati chitsulo chikangowaona chinkafewa chokha. Mawu amenewa mwina ngokokomeza, komabe ndi amene ankanenedwa.

Tsoka linabwera ndi alamu awo, a Alufandika, amene anachokera kumigodi ya ku Kitwe atatenga kachitsulo kotalika ngati chala, konyezimira ngati usipa.

"Alamu, aka ndi kamene timadulira zitsulo zinzake," anatero a Alufandika anthu akutuluka mumzikiti Lachisanu. "Akuti muli kobaluti, kromiyamu ndi tangisiteni. Inu simungakathe. Pitirizani makasu."

"Maina atatu, kanthu kamodzi?" anaseka a Swaibu. "Wallahi, sindilowanso m'nyumba mwanga mpaka nditakapinda kakhale mbedza!"

Anthu onse anamva, ndipo lumbiro la pakhomo pa mzikiti silibwezedwa ngati mchere wobwereka.

A Swaibu anakaika kachitsuloko pamakala, napukusa mvukuto mpaka kanafiira ngati tsabola. Chitsulo wamba chikafika pamenepo chimagonja. Aka ayi, kanalimba chilimbire, ndipo nyundo ndi imene inachoka ndi mabala. Anatenga tupa, tupa n'kutha mano. Anabwereka tupa la kumishoni, nalonso linabwerera lili ngati nkhama za khanda.

Apa a Swaibu anaganiza monga mmisiri wa kunyanja. Kuno chitsulo chilichonse chimaopa dzimbiri, choncho anakakwirira m'matope a m'dambo la mpunga kuti kaphunzire ulemu. Dzinja lonse ankagona pachisakasa chosulira, udzudzu ukuwayesa chakudya cha pa Idi. Atakafukula, kanatuluka kakuwala kuposa kale. Anakayandikiza ku maginito, maginito sanakalabadire.

"Kameneka si kachitsulo," anadandaula. "Ndi Mzungu."

Akazi awo, a Maimuna, ankawabweretsera mpunga pachisakasa pomwepo.

"Bambo a Laila, ashehe akuti mudyetse osauka, lumbiro limasuke. Mpunga ulipo."

"Ndidyetse anthu kuti adziwe kuti ndagonja? Adya akuseka."

"Panopa akuseka osadya. Chabwino n'chiti?"

A Swaibu anakaika kachitsuloko pamwala kali kozizira, nakweza nyundo yaikulu ndi mkwiyo wa dzinja lonse. Kanalira kuti thwa! n'kuthyoka pakati. Tiyenera kunena mosamala apa, chifukwa ena amalakwitsa: sikanapindike. Kanathyoka. Zidutswa zonse ziwiri zinali zowongoka ngati bango.

A Alufandika anabwera kudzaona.

"Zikomo alamu, mwakabereketsa. Tsopano muli ndi adani awiri."

A Maimuna anaona kuti mwamuna wawo akalambira panja ngati mtondo. Anaitana alongo awo, naumba zidina, nayamba kumanga makoma kuzungulira chisakasa, a Swaibu ali mkati akupukusa mvukuto.

"Mukutani kodi, mayi a Laila?"

"Inu sulani. Musatiyang'ane."

Anabweretsa mphasa, mitsuko ndi nkhuku. Nyumba yakale anaisandutsa mosungira chinangwa. Ashehe ataitanidwa anazungulira makomawo, nasisita ndevu nthawi yaitali.

"Munthuyu sanasunthe," anagamula. "Yabwera ndi nyumba. Za nyumba yoyenda sindinaziwerengepo."

Motero a Swaibu anakhala m'menemo moyo wawo wonse, osatuluka kutali, poopa kuti pobwera zingakhale zolowa. Ankatulukira pawindo, n'kubwereranso pawindo, ngakhale atakalamba. Zofunda zonse zinkanunkha makala. M'mawa uliwonse ankamenya kachidutswa kamodzi, kenaka kanzake, kuti kena kasaone ngati akukaopa.

Tsiku la maliro awo mtembo unatulukira pakhomo, ndipo a Maimuna anati aka kanali koyamba kuti bamboyo alemekeze chitseko chimene iwo anavutika nacho. Tizitsulo tija anatenga ndi mwana wawo, a Laila, amene ankanolera mipeni yotumbulira chambo. Mipeni inatha yambiri. Tizitsulo ayi.